Oyilo amene ndinathira mu giyabokosi

Ndinayendetsa lole ya pa esiteti zaka zingapo nthawi ya atsamunda, kututa masamba a tiyi m'minda kupita nawo ku fakitale. Galaja yathu inali m'manja mwa amakaniko ena achikulire a Chisilamu, munthu wosalankhula zambiri. Tonse tinkangowaitana kuti bambo.

M'galajamo munali migolo iwiri ya oyilo wokhuthala. Wina unali wa giyabokosi, wina wa difu, chija chimazungulitsa matayala akumbuyo. Bambowo anandiuza kangapo kuti oyilo wa difu, wonunkha ngati dzira lowola, amadya tizitsulo tamkuwa ta m'kati mwa giyabokosi, choncho asalowemo ngakhale dontho. Ndinkangogwedeza mutu. Ine ndinapitako kusukulu, iwo zilembo za pamgolo sankatha kuwerenga, ndipo mumtima ndinkadziona ngati ndikuwaposa.

Lachisanu lina m'dzinja, tiyi atachuluka, ndinaona kuti giyabokosi yadontha oyilo wambiri. Bambowo anali atapita ku mzikiti. Mgolo wa giyabokosi unali utauma, ndipo kumunda madengu anali akundidikira. Ndinakhetsa wotsalayo, n'kudzaza wa difu, n'kumanga bawuti bwinobwino. Lole inayenda ngati kale. Sindinauze aliyense, ndipo pamene inkadonthanso ndinawonjezera yemweyo kawiri konse.

Patapita miyezi, magiya anayamba kulira. Kenaka giya yachiwiri inayamba kutuluka yokha. Tsiku lina masana, pachitunda cha mbali ya kwa Khwethemule, lole inakaniratu, ili yodzaza. Pofika thirakitala yodzatikoka n'kuti masamba atatentha, atafiira, ndipo onse anakatayidwa. Amayi amene anathyola tiyiyo kuyambira m'mawa anaimirira m'mbali mwa msewu akutiyang'ana.

Mawa lake bambowo anakhetsera oyilo m'beseni, ine ndili pomwepo. Munkanyezimira tinthu tamkuwa tachikasu ngati mchenga. Anaviika chala, n'kununkhiza, n'kundiyang'ana kanthawi.

Mzungu woyang'anira magalimoto anabwera ali wokwiya, n'kufunsa kuti anathira oyiloyo ndani. Ndinali ndi mkazi ndi ana awiri m'nyumba ya pa esiteti, ndipo wochotsedwa ntchito ankatuluka m'nyumba sabata yomweyo. Ndinayang'ana pansi.

“Galaja ino ndi yanga, bwana,” anatero bambowo. “Chilichonse cholowa m'galimoto ndimayankha ndine.”

Anawachotsa ntchito kutha kwa mwezi. Ndine amene ndinatumidwa kukawatula ndi katundu wawo, pa lole ina, kwa mchemwali wawo kwa Nsabwe. Njira yonse ankandiuza za magalimoto otsalawo: iyi imatentha pachitunda, iyo mabuleki ake musamawakhulupirire. Kangapo ndinafuna kuulula kuti oyilo uja ndinathira ndine, koma ndinkangoyendetsa lole. Titatsitsa mphasa, mipando ndi bokosi lawo la masipanala, anandipatsa moni wa m'manja.

“Achimwene, mgolo ukauma muzidikira,” anatero. “Tiyi amaphukanso.”

Ndinayankha kuti ndamva, bambo, n'kukwera lole.

Amakaniko atsopano anali ochokera m'tauni, odziwa kuwerenga, ndipo anapaka penti yofiira pamgolo wa difu. Ine ntchito inandiyendera. Mabwana anandipatsa lole yatsopano, kenaka ndinakhala woyang'anira madalaivala anzanga, ndikumaphunzitsa ena kusiyanitsa oyilo ngati kuti nzeruzo zinali zanga.

Ndinkamva kuti bambowo akukonza njinga pansi pa mtengo pamsika. Ndinadutsa pamsikapo kambirimbiri, nthawi zina ndikuwaona ataweramira tayala, koma ndinkadziuza kuti ndachedwa, ndidzaima ulendo wina. Chaka chachitatu mnzanga wina anandiuza kuti anamwalira, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo. Ndinapita kukapepesa maliro patatha sabata. Mchemwali wawo anandiyalira mphasa, n'kundithokoza chifukwa chowanyamulira katundu tsiku lija. Anati malemuwo ankanditchula kuti ndine dalaivala wosamala. Ndinakhala pang'ono, n'kutsanzika, ndipo nawonso sindinawauze za oyilo uja.