Chipewa Choboola cha Che Alidi

Che Alidi a ku Kanjedza anali dalaivala wa lole ku Makata mpaka pamene sitiroko inawaumitsa dzanja lamanja. Kuchipatala anawauza kuti aziseweretsa zala, koma iwo ankangokhala pakhonde ali ndwii, n'kumakalipira aliyense wodutsa.

Akazi awo, a Mwanakombo, anatopa nazo. Anapita pa kaunjika ku Limbe, nasankha juzi yakale ya ulusi wokhuthala, woti zala zofooka zingaugwire. Anaimasula yonse, nanyika ulusiwo m'madzi ofunda kuti uwongoke, kenako anauika pamiyendo pa amuna awo pamodzi ndi singano ziwiri zazikulu.

"Ine ndiziluka? Anzanga akamva adzati chiyani?" anatero Che Alidi.

"Anzanuwo abwera kangati kudzakuonani? Gwirani apa."

Chipewa choyamba chinatuluka ndi mabowo olowa chala, koma zala zinayamba kumva. Lero Che Alidi sagula ulusi asanaukhudzitse pakhosi. Ukayabwa amausiya, ukafewa amati uwu ndiye wa khanda. Wonyezimira kwambiri safuna n'kuuona komwe, ati umaterera pasingano ngati matayala akutha pamsewu wonyowa.

Chiperoni chikayamba, ana ambiri a m'dera lawo amapita kusukulu atavala zoluka za Che Alidi zosalala bwino. Koma eni ake popita kumzikiti amavalabe chipewa choboola chija. Wina akachiseka, iwo sakwiyanso ngati kale.

"Mabowowa ndi anga," amatero. "Koma dzanjali anandibwezera ndi mayi akunyumba."