Damaris ndi Chilimba cha Magitala

Ine Ackson Mwanza ndayenda. Ndagona ku Lubumbashi, ndavina ku Dar es Salaam, ndipo malole anga ankaudziwa msewu wa matope wa ku Tanzania ngati khonde la kwawo. Ndinayamba ndi njinga yobwereka, lero anthu amandivulira chipewa. M'maulendo onsewo ndaona mamanejala a magulu oimba ambirimbiri, a masuti ndi mimba zazikulu, koma ndikunenetsa kuti palibe amene anamufika mtsikana wina wa ku Twapia, Damaris Tembo. Inu amene mwatopa ndi moyo, tcherani khutu.

Mu 1969 Damaris anali ndi zaka makumi awiri ndipo analibe kanthu. Bambo ake atamwalira ndi chifuwa, banja linatulutsidwa m'nyumba ya kumgodi ku Kitwe n'kukapanikizana m'chipinda chimodzi ku Twapia, kumalire a Ndola. Sukulu inathera pomwepo. Mkuwa unkagulidwa bwino, anthu akugula mawayilesi ndi nsapato zosongoka, iye akugulitsa mtedza wokazinga pakhomo pa bala ya Ba Jethro.

M'balamo munkaimba anyamata asanu otchedwa Chimphepo Jazz, wowatsogolera ali Fidelis. Damaris anakulira m'kwaya ya tchalitchi cha Reformed, ndiye khutu anali nalo. Ankadziwa kuti anyamatawa ali ndi luso. Ankadziwanso kuti magitala, ng'oma ndi ampulifaya zonse zinali za Ba Jethro, amene ankawalipira timakobiri ndi mowa.

Tsiku lina anamuimitsa Fidelis pakhomo.

"Ba Fidelis, mukuimbira chibuku. Woimba wopanda gitala yake ali ngati mlimi wa khasu lobwereka. Ndipatseni gululi ndiliyendetse."

Fidelis anaseka, koma njala inamuthandiza kuvomera.

Damaris anaika malamulo. Mowa ukhale wa pambuyo poimba. Nyimbo ziziphunziridwa masana. Anayenda wapansi kufunafuna maukwati ndi madansi a kumapeto kwa mwezi, pamene a kumgodi alandira, nalipira Ba Jethro lendi ya zida zawo. Ndalama zikabwera ankazithira patebulo onse akuona, n'kugawa magawo asanu ndi awiri: asanu a oimba, limodzi lake, limodzi la zida.

Pa gawo la zidali ndi pamene panabadwa chikayiko.

"Zikhala ndi ndani?" anafunsa Amos, wa ng'oma, munthu amene sankakhulupirira ngakhale wotchi yake.

"Sizikhala ndi ine, sizikhala ndi inu. Zikalowa m'chilimba cha azimayi a kumsika."

Chilimba mumachidziwa: anthu amasonkha mwezi uliwonse, mmodzi n'kutenga zonse, mwezi wina winanso. Azimayi a pamsika wa Twapia anali asanu ndi anayi, Damaris wachikhumi, aliyense twente kwacha pamwezi. Poti anali mlendo, anamuika kumapeto. Lamulo lawo linali lowawa: wolumpha mwezi wataya malo, ndipo zimene anasonkha amazilandira pang'onopang'ono chaka chotsatira.

Miyezi inayenda. Amos ankazungulira pamsika ngati wapolisi. Anaona Amayi Philomena, mkulu wa chilimbacho, atagula makina osokera. Anaona wina atakhoma malata. Anaona Damaris atavala nsapato zatsopano, ndipo anapita kusitolo kukafunsa mtengo wake.

"Mwaona, anyamata?" anatero. "Ife thukuta, azimayi malata. Kodi munamvapo gitala yogulidwa ndi tomato?"

Ba Jethro nawo ankathira mafuta pamoto. Sankafuna kuti anyamatawo akhale ndi zida zawo. Ankawaitanira kuseri, kuwapatsa botolo limodzi limodzi, n'kumati, "Kamtsikana aka kakudyerani. Tsiku lina mudzamva kuti kakwera sitima."

Ndiye mwayi unafika. Mzungu wina wa ku Nkana West, ku Kitwe, amene ankabwerera kwawo, ankagulitsa magitala atatu, ampulifaya ndi ng'oma za mwana wake pa thu handiredi kwacha, ndendende ndalama ya chilimba. Anavomera kudikira mpaka mwezi wa Damaris. Panatsala kusonkha kumodzi kokha mwezi wake wolandira usanafike, kwa mwezi wachisanu ndi chinayi.

Pamenepo ndi pamene Amos anaika dzanja pa gawo la zida.

"Lero izi tigawana. Tatopa kudyetsa msika."

Fidelis anayang'ana pansi. Ndalama zinagawidwa, usiku womwewo zinathera pa mowa n'kulowa m'thumba la Ba Jethro. Damaris anatsala ndi masiku ochepa kuti asonkhe, apo ayi malo atayika, zida zigulidwe ndi ena.

Ena akanalira. Iye anakwera basi mpaka ku Kitwe, nafika pageti panga ku Parklands, chifukwa lole yanga inawanyamulapo anyamata aja popita ku ukwati.

"Ba Ackson, ndibwerekeni twente kwacha."

"Iwe mwaice, mwana wamng'ono iwe, anyamata ako omwe akukana kukukhulupirira. Ine ndikhulupirire chiyani?"

"Musandikhulupirire. Pitani mukafunse."

Yankho limenelo linandikoka. Wakuba amalumbira, satumiza munthu kukafufuza. Komabe ine ndalama yanga sindiiponya m'madzi. Ndinaliza galimoto yanga ya Zephyr mpaka ku Twapia, ndinakaima pa tebulo la Amayi Philomena ngati wogula tinsomba ta kapenta, n'kuyamba kumunyoza Damaris dala kuti ndimve zimene zituluke.

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka chipewa.

"Bambo, galimoto yanu ndi yokongola, koma pakamwa panu ayi. Mwana ameneyo mwezi wina anasonkha atagona ndi njala. Gulani kapenta kapena pitani."

Ndinagula kapenta, ndipo Damaris ndalama ija ndinamupatsa.

Mwezi wotsatira, tsiku lolandira, Damaris sanapite yekha. Anamutenga Amos. Kuseri kwa msika azimayi anayala chitenje, aliyense, ndi Damaris yemwe, n'kuika twente kwacha yake. Amayi Philomena anamanga mfundo n'kupereka kwa Damaris, iye n'kupatsira Amos.

"Ba Amos, nyamulani ndinu. Ine mwina ndingakwere nazo sitima."

Azimayi anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Amos ananyamula mtolowo mpaka ku Nkana West ataukumbatira pachifuwa, akuwayang'ana moipa onse a m'basi.

Ba Jethro atamva anati anyamatawo asadzapondenso pabala pawo. Zinalibe kanthu. Zida zinali zawo tsopano, akanatha kuimba kulikonse. Dansi yoyamba anaichitira ku Kitwe, muholo yodzaza mpaka mawindo kuchita thukuta. Ndinavina ine, ndipo amene anandiona akukumbukirabe. Pasanathe zaka zitatu Chimphepo Jazz inali ndi basi yake, ndipo magulu ena ankabwera kudzapempha kuti Damaris awayendetse. Aliyense ankamuuza chimodzimodzi: ndalama patebulo, gawo la zida pambali.

Tsono inu amene mukugwira ntchito moona koma anzanu akukunong'onezani kumbuyo, musaleke. Musataye nthawi kulumbira, tsegulani manja anthu aone okha. Mtima usagwe pamene mwatsala pang'ono kufika.

Nanga ngongole yanga? M'mawa mwake mwa dansi ija, ndisanamwe n'tiyi yemwe, pageti panagogodwa. Anali Damaris, ndi Amos kumbuyo kwake. Amos ndiye anapisa m'thumba, ndipo ndalamazo zinali zochoka pa magawo a anyamata asanu aja, osati pa gawo la Damaris. Anaziwerenga kawiri, n'kundiuza kuti nanenso ndiwerenge. Twente kwacha, yokwana.