Nkhope ya a Isaki pa Dashibodi

Pa Lirangwe pano mukafunsa za a Eunice a lole, ngakhale wogulitsa mandasi akulozerani. Ndi mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, amene amaika pilo pampando kuti aone bwino msewu. Kalole kawo nkoyera, kochokera ku Japan, koyendera petulo, injini yake ili pansi pa mpando. Kanali ka amuna awo a Isaki, mkamwini wochokera kuseri kwa bwalo la ndege ku Chileka. Iwowo ndi amene anawaphunzitsa kuyendetsa, pabwalo la mpira, anthu akuseka. A Isaki atamwalira chaka chatha, mayiwa analira mwezi wathunthu, kenako anatenga makiyi nkuyamba kunyamula tomato kupita naye ku Lunzu.

Tsono pa dashibodi ya kaloleko panali kanyali kachikasu kamene kankangoyaka osazima, chibwerere. Madalaivala ena kanyali kotere amakamata tepi yakuda kuti kasawasowetse mtendere. A Isaki anamatapo chithunzi chawo chotsala cha laisensi. Ati, “Mmalo moona vuto, bola uziona ine.” Ndiye injini ikalira, nkhope yawo inkawala chikasu ngati munthu amene waima padzuwa la kummawa. A Eunice ankacheza nayo nkhopeyo. Mpanda wa pakati pa nyumba yawo ndi yanga ndi waudzu, mawu amadutsa okha. Ankaiuza mitengo ya tomato, za mwana wawo Tiyamike kusukulu, mpaka za amene wakwatiwa.

Loweruka lina kunali koonetsa chiliza cha a Isaki ku Chileka, ndipo tsiku lomwelo abale amafuna kugamula za kaloleko. Mkulu wa malemu, a Geoffrey, anali atanena kale poyera. “Galimoto si mbuzi yoti ungoimangirira pamsipu. Alamuwa aipha. Tigulitse idakali moyo.” Akuluakulu anati a Eunice abwere nayo okha, abale aimve mmene ikulirira. Ikakhala bwino, ikhala kwa mayiwo.

Lachisanu a Eunice anaisambitsa ngati mkwatibwi. Matayala, magalasi, kumbuyo konse kwa madzi a tomato. Atatha anaganiza kuti a Geoffrey ndi munthu wosuzumira paliponse. Anatukula mpando, nkukhuthulira injini ndowa zinayi za madzi a sopo mpaka inachita kunyezimira.

Mmawa wa Loweruka atailiza, kalole kananjenjemera ngati wodwala malungo. Injini inkapita, kudumpha, kupita, kudumpha. Ndipo nkhope ya a Isaki inkathwanima. Kuwala, kuzima, kuwala, kuzima.

A Eunice anagwira chiwongolero ndi manja onse. Anakumbukira mmene bamboyo ankaphethirira maso akamakana chinthu osafuna kukangana. Anaona ngati ali limodzi pamsewu wa ku Chileka tsiku lija anakagula kaloleko, ndege ikutsika pamwamba pawo pang’onopang’ono, mimba yake yoyera, a Isaki akuimba nyimbo ya kwaya molakwitsa mawu.

“Mukukana chiyani, bambo a Tiyamike?” anafunsa chithunzicho. “Chiliza simunachikonde? Kapena mukuti ndiwapatse akulu anu?”

Nkhope inangothwanimabe.

Anayenda nayo choncho ikutsokomola mpaka pamtengo wa mango wa kuseri kwa msika, pomwe a Potiphar amakonzera magalimoto. A Potiphar ndi makaniko wachikulire, mnzawo wa a Isaki wa pabawo.

“A Potiphar, anzanu akukana ulendo.”

Mkuluyo anasuzumira mkati, anaona nkhope ija ikuyaka nkumazima, ndipo anavula chipewa. Kenako anachivalanso. “Zimitsani kaye, mayi. Isaki anali waulesi kuphethira. Si iyeyu.”

Anawafotokozera atakhala patayala lakutha. Kanyali kaja kakangoyaka phee, ndiye kuti injini ikudandaula kanthu kena, munthu ukhoza kuyenda nkukaonetsa ukapeza mpata. Koma kakamathwanima, ndiye kuti silinda ina sikuwotcha petulo, amakaniko amati ikupanga misi. Petulo wosapsayo amatsikira ku ekizozi nkukapsera komweko. “Mukanafika nayo ku Chileka chonchi, pansi pakanafiira ngati mbaula. A Geoffrey akanawotcherapo chimanga.”

Anatukula mpando nkununkhiza. “Fungo la sopo. Mwaisambitsa?”

“Imapita kwa apongozi.”

“Ndiye mwaithira mpaka mmakutu.”

Anawauza ailize. Pamwamba pa injini pali makoyilo anayi, iliyonse ili pa pulagi yake, ndiyo imapereka moto. A Potiphar anazula waya wa koyilo yoyamba, injini inafuna kuzima. Anabwezera. Yachiwiri chimodzimodzi. Atazula wa yachitatu, kulira kwa injini sikunasinthe nkomwe.

“Mwamva? Pamaliro amene wachoka anthu osazindikira ndiye kuti sankagwira ntchito. Wogona ndi ameneyu.”

Atazimitsa, anamasula koyiloyo. Mdzenje la pulagi munali madzi, thovu la sopo likuyandama. Anawayamwa ndi kansalu kokulunga pawaya, anapopera mpweya ndi pampu ya njinga, nkuyanika koyilo pamwala padzuwa. Anayang’ananso mmaenje enawo. A Eunice anaima pambali pawo, diso pa chala chilichonse, chitenje chawo chatsopano chikudetsedwa ndi girisi iwo osasamala.

“Tsono ndiyenera kukaona kanyalika ndi maso,” anatero a Potiphar. “Chithunzichi chichoke.”

Apa mayiwa anachedwa. Chaka chonse nkhopeyo inkawala ikamawaperekeza, ndipo ankadziwa kuti akaichotsa pamenepo isanduka pepala wamba. Anaitokosa ndi chikhadabo mofatsa, kuyambira pangodya, nkuiika m’thumba la bulauzi. Pansi pake panali kanyali kakang’ono, kojambulidwa ngati kampopi.

Analiza. Injini inalira mosalala ngati mphaka wokhuta. Kanyali kanayaka phee, osathwanima.

“Ako nkakale kaja,” anatero a Potiphar. “Kakufuna kompyuta ya ku Blantyre iwerenge chimene kakudandaula. Mukapite sabata yamawa. Mnzanga uja anazemba zaka zisanu.”

Anafika ku Chileka dzuwa lili pamutu, kwaya itayamba kale. Pambuyo pa mapemphero amuna anazungulira kalole. A Geoffrey anamenya tayala ndi nsapato, anamvetsera injini, kenako analowetsa mutu pawindo.

“Ehe. Nyali iyi ikuyaka, alamu. Mukuiona? Ndi zimene ndimanena.”

“Ndikuiona, alamu,” anayankha a Eunice motsitsa momwemuja. “Ikuyaka phee, imeneyo ndikaonetsa Lachiwiri. Ikadakhala ikuthwanima sindikadayenda nayo. Mmawa imathwanima, silinda yachitatu inali ndi madzi.”

“Yachitatu mwaidziwa bwanji?”

“Mumazula waya mmodzimmodzi. Nditukule mpando ndikuonetseni?”

A Geoffrey anayang’ana malaya awo oyera. Amalume a malemu, amene ndi omwe ankagamula, anaseka mpaka kutsokomola. “Geoffrey, iwe njinga yako ija ili padenga chaka chachitatu. Makiyi akhale komwe ali.”

Pobwerera, a Eunice anaima pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege. Anatulutsa chithunzi chija nkuchipanikiza pakona ya galasi lakutsogolo, pomwe dzuwa limalowera. Kuwala kwa madzulo kunadutsa papepalapo, nkhope inachita chikasu ngati kale. Anadikira ndege imodzi inyamuke, nkuiperekeza ndi maso mpaka inasowa m’mitambo ya ku Michiru.

Atafika kunyumba mawu anadutsanso mpanda uja. Ankauza a Isaki kuti chiliza chaoneka bwino, koma dzina analilemba mopendama pang’ono.