Misozi ya Utsi wa Mbaula

M'kabati ya kuchipinda kwanga muli mafayilo khumi ndi atatu. Mu fayilo yobiriwira muli pepala limene ndinasainirana ndi mwana wa mchemwali wanga tsiku limene anafika kunyumba kwanga ku Kanjedza atanyamula kamera. Mtsikanayu amajambula maukwati ndi zinkhoswe, ali ndi kaofesi pamwamba pa shopu ina ku Limbe, ndipo anati watopa ndi kujambula anthu akudula keke. Ankafuna kupanga filimu yaifupi ya mwana wanga wamkazi ndi ine.

Nditatulutsa pepala ndi cholembera anaseka. "Amalume, ndi pachibale pomwe?"

Ndinati makamaka pachibale. Ndinalemba mizere itatu ndi dzanja langa. Wachitatu unali wakuti mawu a mwana wanga amveke monga momwe alili.

Mwana wangayo anali mphunzitsi wa Sitandade 1 ku Chilobwe, mayi wa mawu amphamvu moti akangoti "chete" kalasi yonse inkazizira. Sitiroko inamugwetsa m'mawa wina akulemba pa bolodi. Anatuluka m'chipatala mbali ya kumanja italemera, mawu atapita. Ankamva zonse ndipo ankadziwa chimene akufuna kunena, koma pakamwa pankangotuluka "iyi, iyi". Mayi ake anatisiya kalekale, choncho ndinamutenga kudzakhala ndi ine.

Ine ndakhala m'kwaya ya mpingo wathu kuyambira ndili kalaliki wachinyamata ku njanji, ndipo manotsi a do-re-mi ndimawawerenga ngati nyuzipepala. Tsiku lina ndikusita malaya, ndikuyimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi, ndinamva wina akumaliza mzere. Anali iye, pampando wake, mawu athunthu, omveka. Nditamuuza kuti awanene osayimba, anabwerera ku "iyi".

Ndinagula kope. Zofuna zake za tsiku ndi tsiku ndinaziika pa manotsi. "Ndikufuna madzi" inakhala do, re, mi, mi, re, do. Tinawonjezera "Mwendo ukuwawa", kenako "Ndisiyeni", imene anaigwira msanga kuposa zonse. Ndinkagunda chala padzanja lake lolemeralo, kamodzi pa phatikizo lililonse. Munthu amene anaphunzitsa ana a eni maphatikizo zaka zonsezo anali kuwatolanso limodzilimodzi kwa bambo ake, ndipo palibe tsiku limene anakana.

Msuweni wakeyo anatijambula milungu itatu. Tsiku lililonse ndinkalemba m'dayale nthawi imene wafika, chimene tachita, ngakhale malaya amene ndavala. Anthu amandiseka ndi khalidwe limeneli. Aziseka.

Loweruka lina masana mtsikana uja anabwera ndi laputopu kuti tione filimuyo. Poyamba zinayenda bwino: msewu wathu, geti, khonde. Kenako kunayamba kulira piyano, yapang'onopang'ono ngati ya pamaliro a munthu wolemera. Milomo ya mwana wanga inkayenda mochedwa kuposa momwe imayendera, koma mawu ake osamveka. Kenako nkhope yanga inadzaza galasi lonse, ndikupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Imitsa pamenepo," ndinatero. "Bweza pang'ono. Pamene tikuyimbapo ndavala malaya otani?"

"Oyera."

"Nanga pamene ndikupukuta m'masopo?"

Anayang'anitsitsa pagalasipo. Anali abuluu. Ndinatsegula dayale n'kumuwerengera: Lachinayi, malaya abuluu, magetsi anazima, ndinakoleza mbaula pakhonde, makala anali onyowa.

"Amalume, ndi mmene timachitira," anatero. "Timadula apa n'kulumikiza apo. Nanga anthu adziwa bwanji kuti mumawakonda asuweniwa? Milungu itatu simunawakumbatire, simunawayamikire ngakhale kamodzi. Mumangoti bwereza, bwereza. Mukuoneka ngati ahedi."

"Ndiye unaganiza zokandibwerekera misozi ku mbaula."

"Koma zikugwira mtima."

"Nanga piyanoyo ndi ya ndani? M'nyumba muno mulibe piyano."

"Ndinaitenga pa intaneti. Mawu a asuweni amanjenjemera, amaphonya manotsi. Ndimafuna kuwateteza, anthu angawaseke."

Zimenezi zinandipsetsa mtima kuposa misozi yabodza ija. Miyezi isanu ndi iwiri tinalimbana kuti mawu amenewo atuluke, ndipo wina anali atawakwirira pansi pa nyimbo ya munthu amene sanapondepo pakhonde langa. M'filimumo mwana wanga anabwerera kukhala wosalankhula, ulendo uno mwaulemu, ndi kuwala kokongola kumaso. Ndinanyamuka kukatenga fayilo yobiriwira.

Ndisanafike pakhomo la kuchipinda, ndinamva kuyimba kumbuyo kwanga. Kanali kayimbidwe kathu ka "Ndisiyeni", koma mawu anali ena. Mwana wanga anali kuloza laputopu ndi dzanja lamanzere, akuyimba: "Cho-tsa i-zi. Wa-bo-dza iwe."

Mawu amenewo munalibe m'kope mwathu. Palibe anamulembera. Anawapeza yekha n'kuwakweza pa manotsi akale.

Msuweni wake anatsegula pakamwa, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. "Asuweni, mawu angobwera kumene, mwayamba kale kunditukwana?"

"Wa-bo-dza," anabwereza mwana wanga, noti yomaliza itapendekeka, akumwetulira mbali imodzi.

Pepala ndinabwera nalobe. Ndinaliyala patebulo, chala pa mzere wachitatu. Mtsikanayo anasiya kuseka, anatseka laputopu, napita tiyi wake asanamwe.

Anabweranso patatha milungu iwiri. Sanalongosole kanthu, anangoyatsa. Piyano munalibe. Pakati pa filimuyo anaikapo chigawo chimodzi chachitali chosadula, chimene anati poyamba anachitaya chifukwa kamera anaisiya patebulo ataiwala kuizimitsa. Simunkaoneka maso a munthu aliyense, koma manja athu awiri ndi nkhope kuyambira pamphuno kutsika. Mwana wanga akuyimba "Ndikufuna ma", n'kuima. Phatikizo lomaliza lakana. Chala changa chili m'mwamba pamwamba pa dzanja lake, osatsika. Kutali kukumveka wina akuitanira minibasi ya ku Limbe, ndi tambala wa kwa aneba. Chala chikadali m'mwamba. Ndinayamba kuona kuti nthawi yatalika, ndinafuna kumuuza mtsikanayo kuti apa akanadula, koma ndinaona milomo yanga. Inali kupanga "dzi", mopanda mawu, kawiri, katatu. Sindinkadziwa kuti ndimachita zimenezo. Kenako "dzi" wake anatuluka, wosasa, wotsika kuposa do weniweni, ndipo chala chinagwa.

"Bwereza," anatero mkulu wa m'filimuyo.

"Mwaona, amalume?" anatero mtsikanayo. "Kamera yakugwirani."

Ndinamuuza kuti ngati kamera inali nazo kale zimenezi, panalibe chifukwa chovutitsira mbaula. Iye anati chatsala n'chimodzi, achotse "bwereza" wakumapetoyo chifukwa akuwononga kukoma. Ndinakana. Tinamufunsa mwiniwake, ndipo anagwedeza mutu mwamphamvu n'kuyimba kuti "Si-ya."

Tinaionetsa masana ena mu holo ya kutchalitchi, makatani atatsekedwa. Pa chigawo chachitali chija anthu anasiya kukhosomola. Palibe anaseka. Potuluka, mayi wina wa m'kwaya anandikokera pambali n'kunena kuti filimuyo ndi yabwino, koma akanaikamo kanyimbo. Ndinamuyankha kuti nyimbo ilimo, ili ndi manotsi asanu ndi imodzi, ndipo woyimba wake ndi uyo akutsika masitepe ndi ndodo. Bambo wina anati ndikanamuuzako mwanayo mawu olimbikitsa. Ndinati akafuna azikawauza ake.

Titafika kunyumba ndinatulutsanso fayilo yobiriwira. Kuseri kwa pepala lija ndinalemba kuti chithunzi cha malaya abuluu chafufutidwa ndipo sichidzaonetsedwa kulikonse ngati misozi. Mtsikanayo anadandaula kuti ndine munthu wovuta, koma anasaina. Panafunika mboni. Mwana wanga anakoka pepalalo, anagwira cholembera ndi dzanja lamanzere, n'kulemba dzina lake pang'onopang'ono, zilembo zikukwera ndi kutsika. Ndinadikira mpaka atamaliza chomaliza, kenako ndinaboola pepalalo n'kulibwezera m'malo mwake.