Machesi a Malemu Lorene

Mwezi wa Epulo ukafika pakati, kuno ku zitunda za Kansas munthu sudya mokhazikika. Chisanu chatha, udzu wa chaka chatha wagona mbuu pa busa lonse, ndipo uyenera kupsa ng'ombe zisanafike. Koma moto umafuna mphepo yakeyake, yochokera mbali imodzi tsiku lonse. Ikachepa, utsi umatseka msewu. Ikalusa, umatentha za eni. Chaka chino inatizunguza masiku khumi ndi awiri.

Amene anavutika kwambiri ndi a Orval Hedstrom, anansi anga a kumadzulo. Ali ndi zaka 74, anabadwira pamalo pomwepo. Agogo awo atabwera kuchokera ku Sweden anayesa kulima, pulawo n'kuthyoka pamiyala, ndiye anausiya udzu ukhale udzu. A Orval moyo wawo wonse akhala akuweta ng'ombe za anthu ena, zobwera pa malole kuchokera ku Texas kudzanenepera pa msipu wathu. Busa likapanda kupsa msipu umachedwa, timitengo ta mkungudza timamera ponseponse, mwini ng'ombe amakafuna busa lina. Tsopano mwini ng'ombeyo anali ataimba foni kuti malole afika pakutha pa masabata awiri, ndipo msipu umafuna masiku kuti uphuke.

Zonsezi a Orval ankazidziwa kuposa aliyense. Vuto linali loti kwa zaka 36 anali asanayatsepo moto pa busa.

Mu 1987 anatentha bwinobwino, moto n'kuzima, iwo n'kupita kukadya. Ndowe youma ya ng'ombe simazima msanga. Kunja imaoneka yakuda, mkati ili ngwee. Imodzi inatsala m'mphepete mwa mpanda wa kumpoto. Masana mphepo inakula, n'kuigubuduzira mu udzu wa tsidya lina. Tsidya linalo n'kwa a Twila, mng'ono wa akazi awo. Khola linapsa, ndi mahatchi awiri mkati.

Kuyambira chaka chimenecho woyatsa anali Lorene, mkazi wawo. Ena tonse tinayamba kuyatsa pokoka paipi yodontha petulo woyaka kumbuyo kwa galimoto, koma Lorene ankakwera hatchi n'kumaponya machesi m'udzu monga ankachitira bambo ake. A Orval ankatsata pambuyo ndi thumba lonyowa lozimitsira moto. Lorene anamwalira mu Januwale, chipale chofewa chili m'mawondo.

Masiku khumi ndi awiri aja ndinkawaona m'mawa uliwonse ataima pachitunda. Ankazula udzu, kuuponya m'mwamba, kuyang'ana komwe wagwera, kubwerera m'nyumba kukamvera za nyengo pa wailesi, n'kutulukanso. Anakonza geti lomwe silinawonongeke. Masiku awiri mwa masikuwo mphepo inali yabwino ndithu, ena tinatentha athu, zitunda zonse utsi tolo. Iwo anati ikutembenuka.

Lachiwiri a Twila anabwera ndi galimoto ya thanki ya madzi, n'kundidzera kwathu. Tinawapeza a Orval pachitunda paja, udzu uli m'manja.

"Alamu, mukuyeza mphepo kapena mukudyetsa mbalame?" anatero a Twila.

"Ikutembenuka."

"Yakhala ikuchokera kummwera chikhalire mbandakucha. Chikutembenuka ndi m'mimba mwanumo."

"Mawa akuti ikhala bwino."

"Mawa akuti mvula, mpaka Loweruka. Wailesi yanu ndi yanga n'zosiyana?"

A Twila anatsika, anatulutsa m'thumba la jekete kachitini ka fodya kakale, kopindika pakona. Tonse tinkakadziwa. Ndimo Lorene ankasungira machesi.

"Ndakapeza m'chikwama cha pa chishalo chake. Gwirani."

"Yatsani ndinu, Twila."

"Ine ndine wamadzi. Wamoto anali mkulu wanga. Ntchito ziwiri sindigwira, sindine mkazi wanu."

"Ndiye ayatse awa," anatero a Orval akundiloza ndi chibwano.

"Awa? Awa ayamba kuyang'ana mitambo, tonse tipsa. Busa ndi lanu ili."

A Orval anayang'ana kumpoto. Denga la a Twila linkaoneka pakati pa mitengo, ndi khola latsopano lomwe tsopano lakalamba.

"Nyumba yanu ili kumene mphepo ikulowera."

"Ndikudziwa komwe ili, ndimagonamo." A Twila anawagwira dzanja, n'kuikamo kachitini. "Khola lija linali lodontha kale. Mahatchi okha ndiwo sindinaiwale, ndipo sindidzaiwala. Ndiye lero mutenthe ngati munthu amene amawakumbukira."

Ndinaimba foni ku boma kuwauza kuti tikuyatsa. Tinatsikira ku mpanda wa kumpoto, chifukwa moto umayambira kumeneko, uziyenda mokwawa molimbana ndi mphepo, usiye mzere wakuda woti moto waukulu udzafere pomwepo.

Mtengo woyamba wa machesi unathyoka. Wachiwiri mphepo inauzima. A Orval anagwada, mawondo akulira, anatembenuzira msana kummwera, anakhwatchitsa wachitatu pakati pa zikhatho. Udzu unagwira. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anamanga muuni wa udzu, anauyatsa pomwepo, n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa waya. A Twila ankayendetsa galimoto pang'onopang'ono, ine ndikuthira madzi tsidya la mpanda.

"Fulumirani, madala, malole atipeza pompano," ankatero a Twila pawindo.

"Mzerewu ngwochepa."

"Ndi waukulu ngati msewu wa ku Wichita."

"Ndiwonjezere."

Anawonjezeradi, kawiri. Kenako tinazungulira kum'mawa ndi kumadzulo, dzuwa likukwera, maso akuwawa. Titafika kummwera a Orval anaponya machesi asanu motsatana osaima, monga ankachitira Lorene. Mphepo inaunyamula motowo. Unakwera chitunda ukulindima, wotalika kuposa munthu wa pa hatchi, timikungudza tikuphulika timodzitimodzi. Akabawi anafika kudzazungulira pamwamba pa utsi kudikira mbewa. Moto unatsikira kumpoto, unafika pa mzere wakuda, unagwa, n'kusanduka utsi woonda.

Miyala yoyera inayamba kuoneka pa lupsa, yomwe ija inathyola pulawo.

A Twila anapukuta nkhope ndi mkono, mwaye n'kuwonjezekera.

"Ndasiya mphika wa nyemba zatsabola pamoto wochepa, ndi mabanzi a sinamoni. Tiyeni tikadye."

"Tsogolani," anatero a Orval.

"Zizizira."

"Zizizire."

Anatunga madzi m'ndowa pa thanki, n'kubwerera ku mpanda wa kumpoto. A Twila anazimitsa injini, anakhala pa bampala osanenanso za nyemba. Tinawayang'ana akuyenda m'mbali mwa waya kuyambira pa geti, mutu uli pansi. Ndowe iliyonse ankaitembenuza ndi nsapato, kuiswa ndi chidendene, kuikankhira mkati mwa lupsa. Mpandawo ndi wautali kupitirira mtunda umodzi. Anabwerera kudzatunga madzi kanayi.

Pa nsanamira yomaliza, pakona, panali imodzi yomwe inkatulutsa kautsi. Anaiswa, anaithira madzi otsala m'ndowa, anagwada, n'kuikapo chikhatho mpaka itazizira.