Tinaika Yohane matenda ake alibe dzina

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kumeneko n'kudzuka, poti ndinangotsamira khoma pafupi ndi bokosi la mdzukulu wanga Yohane. Amayi a kutchalitchi nyimbo zinali zitawathera, ena akuwodzera. Kunja mwera unkaomba, utsi wa pamafuwa n'kumalowa m'nyumba.

Kusanayere anafika alongo anga, eni mbumba, amene ankayenera kufotokozera anthu mmene mwana anadwalira. Ananjuta pakhomo n'kufunsa chapansipansi, "Achemwali, ndikawauze kuti wafa ndi chiyani?" Ndinawapatsa kabuku ka kuchipatala, poti ine sindiwerenga. Anatembenuza masamba onse n'kundibwezera. Dzina munalibe.

Kwathu kuno, maliro opanda dzina la matenda amafuna mwini wake. Mwana wanga, mayi wa Yohane, ndinamuika chaka chatha. Tsopano wapita mnyamata wamphamvu wokoka makoka, ine nkhalamba n'kutsala. Ndinkadziwa kumene maso adzaloze.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, asodzi anzake a ku Senga Bay, achibale a ku Khombedza, anansi athu achisilamu. Amayi ankalowa, ankalira ndithu, koma ambiri ankakhala kutali ndi mphasa yanga.

Dzuwa litakwera, pa kabaza panatsika mtsikana wophunzira udokotala amene anasamalira Yohane masabata atatu m'chipatala. Kumeneko m'mawa uliwonse ankazungulira bedi ndi anzake, aphunzitsi awo ali patsogolo. Anamuyeza magazi, anamujambula chifuwa, anamutunga madzi a pamsana. Tsiku lina wophunzira wina anathamangira kutchula dzina la matenda, aphunzitsiwo n'kumudula, ine ndikumva. "Ukufuna dzina kuti iweyo ugone tulo. Ngati sukudziwa, nena kuti sindikudziwa, koma wodwalayo usamuthawe." Tsiku limenelo ndinati m'mtima, awa ndi mawu anzeru.

Mtsikana uja ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe. "Mwanawe, ungonena kuti malungo. Akutsutse ndani?"

"Agogo, malungo tinayeza katatu, sanapezeke. Ndikanama lero, mawa wina akadwala chonchi adzangomwa mankhwala a malungo kunyumba mpaka kufa."

"Nanga ine?"

Anandigwira dzanja nthawi yaitali. Kenako anati ayankhula zimene akudziwa.

Alongo anga atamaliza mawu a kubanja anamupatsa mpata. Anaimirira, chitenje chikumasuka m'chiuno poti sanachizolowere. Anati Yohane anadwala matenda a m'thupi, kuti alipo matenda amene makina a kuno sangathe kuwaona, kuti agogo ake sanachoke pambali pake tsiku n'limodzi lomwe. Bambo wina kumbuyo anafunsa kuti matenda anjiwo. Mtsikanayo anayankha kuti, "Sitikudziwa."

Kenako wina, osakweza n'komwe mawu, anati, "Achipatala sadziwa, koma ife tikudziwa."

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Amuna ankalandirana bokosi, tikudutsa pamathandala a usipa opanda kanthu, mchenga ukuotcha mapazi. Paja namfedwa amagwiriziridwa mbali zonse ziwiri, koma ine anandigwira munthu mmodzi, mtsikana uja. Kumanda abusa anafupikitsa pemphero chifukwa mphepo inkaulutsa mawu. Nditaponya dothi langa, mayi amene ankanditsatira anabwerera mumzere, lake likadali m'manja.

Potsanzikana mtsikanayo anati magazi ena anawatumiza kutauni, mwina yankho lidzabwera, mwina ayi. Ndinamuthokoza. Sanandilakwire, anachita zimene anamuphunzitsa. Koma aphunzitsi akewo sagona m'mudzi muno.

Amayi amene amagona pasiwa masiku angapo anapinda mphasa zawo dzuwa lisanalowe, aliyense ndi chifukwa chake. Alongo anga anandiuza kuti masiku ano ndisamapite kudoko kapena kumjigo. Mnansi wanga, amene takhala tikupalana moto chikwatiwire, anadutsa pakhomo panga ndi phale m'manja, kukapala nyumba yachitatu.

M'nyumba munatsala ine ndi ukonde wa Yohane pakhoma, umene sanamalize kusoka. Ndinatsegula kabuku kaja pamiyendo n'kumayendetsa chala pazilembo, tsamba ndi tsamba, mpaka mdima unazifufuta.