Khola Lomaliza la Olda Pazdera

M'mudzi wa Lhota, galimoto ikagubuduzika pa mpikisano wa m'matope dalaivala n'kutuluka akuyenda yekha, anthu sankafunsa kuti anawotcherera khola lake ndani. Anali Olda Pazdera. Khola ndi mapaipi aja amazinga mpando wa dalaivala. Zina zonse pa galimoto zimenezi n'zotola: injini ya galimoto yakale ya Škoda, mpando wa thirakitala, matayala a kudzala. Khola lokha ndilo sachita nalo masewera.

Olda anali wowotcherera pa famu ya boma mpaka famuyo inatha. Galimoto yake yoyamba anthu anaitcha Nguluwe, chifukwa inali yonyansa ndipo inkakonda matope. Nguluwe zina zinatsatira. Msana utayamba kumuvuta, chiwongolero anasiyira mwana wake wamkazi, Jitka, amene pakati pa sabata amayendetsa basi.

Gulu lawo lili ndi lamulo. Wowotcherera khola amalowamo yekha injini isanaikidwe, anzake amamumanga malamba n'kuligubuduza pa mtsetse wa kuseri kwa nyumba ya ozimitsa moto. Akatuluka bwino, amagula mowa.

Chaka chatha manja a Olda anayamba kunjenjemera. Sanauze munthu. Khofi ankathira theka la kapu. Powotcherera khola latsopano la Jitka ankatsamiritsa chigongono pa njerwa, atamaliza anapaka penti yambiri.

Tsiku logubuduza, amene anamumanga malamba anali Kubeš, mnzake wa kusukulu, wowotcherera wina wa m'mudzimo. Awiriwa sanayamikiranepo ntchito.

"Mdala, usatisanzire soseji m'chisoti," anatero Kubeš.

"Kankha iwe. Mphamvu zako zonse zili pakamwa."

"Nanga penti yonseyi? Ukuikwatitsa galimotoyi?"

Anakankha. Thambo linapita pansi, udzu m'mwamba. Khola likugubuduzika kachiwiri, Olda anamva kaphokoso kuseri kwa khutu lamanzere, ngati kamtengo kouma kathyoka. Pamwamba anthu ankaomba m'manja. Iwo sanamve kanthu.

Jitka anatsika akuthamanga. "Bambo, lalimba ngati mutu wanu! Lamlungu likudzali anyamata aja adya matope anga."

Olda anagula mowa. Wake sanaumalize.

M'mawa anapala penti pamene panamveka phokoso paja. Mng'alu unalipo, woonda ngati tsitsi. Anayatsa makina kuti awotchererenso, nsonga ya waya n'kumavina pamwamba pa paipi. Anazimitsa. Mng'alu umodzi anaumva. Nanga misoko ina ija inali pansi pa penti?

Jitka anamupeza akudula khola ndi sowo.

"Mukutani, bambo? Mpikisano ndi Lamlungu!"

"Sulowa muno."

"Koma munaligubuduza. Mudzi wonse unaona."

"Iwo anaona. Ine ndinamva."

Anaika sowo pansi n'kutambasula manja onse awiri kuti mwana wake awaone. Jitka anawayang'ana nthawi yaitali.

"Zinayamba liti?"

"Chilimwe chatha."

"Ndiye khola lakale lija munalikonza mu Ogasiti, ine n'kuthamanga nalo mpaka chisanu, manja anali otere?"

Olda anatolanso sowo.

"Ndili ndi ana awiri, bambo." Jitka anatuluka osatseka chitseko.

Masana Olda anakweza mapaipi pa wilibala n'kudutsa nawo pakati pa mudzi, pamaso pa onse amene anamwa mowa wake dzulo lake. Ankapita nawo kwa Kubeš. Kubeš anali panja. Anayang'ana mapaipi, anayang'ana manja ogwira wilibala, ndipo tsiku limenelo analibe nthabwala.

"Tula apo."

"Ukamaliza ndilowamo ine," anatero Olda. "Mwana ndi wanga."

"Lamulo ukulidziwa. Amalowa ndi wowotcherera."

Jitka sanathamange Lamlungu lija, ngakhale lotsatira. Kwa bambo ake ankatumako ana ndi msuzi, mwini wake osafika.

Khola la Kubeš linatha masamba atayamba kuyoyoka. Linalibe penti. Olda anaima pamwamba pa mtsetse pamodzi ndi okankha, malo amene sanaimepo chiyambire. Jitka anali cha pambali, manja m'thumba.

"Khalani chete nonse," anatero Olda.

Anakankha. Palibe anaomba m'manja. Olda anatseka maso, khutu lili ku mtsetse, mpaka khola linaima pansi ndipo Kubeš anayamba kutukwana kuti am'masule.

Jitka anayang'ana bambo ake. Olda anagwedeza mutu kuti lili bwino. Jitka anatsika kukaona khola lake, Olda anatsala pamwamba.